Nkhwani wa m'dimba la mu Juni

Alongo anga aakulu anabwerera kumudzi kwathu ku Mphamba titangotha kukolola chimanga. Anakhala zaka zambiri ku Chipata akugulitsa zovala za salaula, koma tsiku limene ndinakawachingamira pa minibasi ku boma la Lundazi, ndinachita kuwanyamula powakweza panjinga. Anali atatheratu. Kuchipatala anawauza kuti chotupa cha m'mimba chafika patali, ndi bwino akapumulire kwawo.

Chakudya sichinkalowa. Mkazi wanga anayesa phala, anayesa nkhuku, koma iwo ankangolawa n'kukankha mbale. M'mawa wina ndinawapeza akuothera dzuwa kuseri kwa chigafa changa cha fodya.

"Mwauka uli, adumbu?" ndinawalonjera m'Chitumbuka chathu.

"Ndauka. Koma iwe, mtima wanga uli pa nkhwani. Osati mfutso ayi. Wauwisi, wotendera, ngati uja ankaphika amayi."

Maungu a kumunda anali atauma kale. Ndinapalasa njinga mpaka kumsika wa ku boma, ndinangopezako repu ndi kabichi. Pobwera ndinatenga nthanga zimene mkazi wanga anasunga m'chikho, n'kukadzala kudimba.

Munali mu Juni. Ine ndine mlimi wa fodya, ndipo ndakulira pa nazale. Ndinkadziwa kuti mbewu ikamva kuzizira imaumira masamba, ikamva kutentha imawatulutsa mothamanga. Komanso dimba lathu lili m'dambo, kumene chisanu chimagona. Ndinadzalabe, poti ndikanawauza chiyani?

Nthangazo zinachedwa kumera mpaka ndinayamba kufukula ndi chala kuti ndione ngati sizinawole. Zitamera, timasamba tiwiri toyamba tija tinangoti duu. Nthawi ya dzinja dzungu silichedwa, ukapita kumunda lero ndi mkuja umapeza tsamba latsopano. Apa sabata inkatha kuti kaoneke katsamba kamodzi, kokwinyika. Ndinathira manyowa a ng'ombe. Madzulo ndinkafunditsa mbewuzo udzu, madzi ndinkayamba ndawaika padzuwa kuti afunde ndisanathirire. Tsiku lina ndinaiwala kufunditsa, m'mawa ndinapeza m'mphepete mwa timasambato mwapsa ndi chisanu.

"Afika pati maungu athu?" ankandifunsa alongo anga.

"Akubwera, adumbu."

Atatopa ndi yankho limeneli anati ndiwatenge akadzionere okha. Ndinawakhazika pa kaliyala atafunda bulangete, ine n'kumakankha njinga pang'onopang'ono. Titafika anayang'ana mbewuzo nthawi yaitali, kenaka anaseka chapansipansi.

"Usawakakamize, mlongo wanga. Akumva mphepo ngati ine ndemwe."

Kumapeto kwa Julayi anasiya kudzuka pamphasa. Sindinathenso kudikira. Ndinapita kukathyola timasamba tonse timene tinalipo, tating'ono ngati chikhatho cha khanda, osadzaza ngakhale manja anga awiri. Mkazi wanga atationa anati, "Bambo, mbewu zija mwazipha," koma anasenda bwinobwino, n'kutendera m'kapoto kakang'ono.

Alongo anga anakhala tsonga atatsamira khoma. Anatema kambamu ka nsima, anasusa, n'kutafuna atatsinzina. Anatemanso kena.

"Yewo chomene, mlamu," anauza mkazi wanga. "Mchere wakwana."

Sanapitirize. Patapita kanthawi ndili panja ndinawamva akusanza, ndiponso ndinawamva akupempha mlamu wawoyo kuti asandiuze. Nanenso sindinaonetse kuti ndamva.

Anatisiya kumayambiriro kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba. Maliro atatha, kudimba sindinapondeko. Sindinkadziwa kuti mkazi wanga ankapitabe kukathirira.

Mu Seputembala kunatentha mwadzidzidzi, anthu tinataya mabulangete. Madzulo ena mkazi wanga anaima pakhomo atanyamula dengu.

"Tiyeni mukaone," anatero.

Maungu aja sanafe. Anali atayanga dimba lonse, akwera mpanda, ena atulukira kunja. Masamba anali aakulu ngati mbale, ndipo kunsonga iliyonse kunali ena akutuluka. Ndinakhala pansi pambali pa chitsime. Mkazi wanga anangowerama n'kumathyola mpaka dengu linadzaza.

Pobwerera tinadzera m'makomo mwa azimayi amene anatiphikira pamaliro, n'kumasiya pang'onopang'ono. Kunyumba tinafika ndi dengu lopanda kanthu. M'mawa mwake ndinatenga khasu kukayamba mabedi a nazale ya fodya, chifukwa anzanga onse anali atafesa kale.