Dzina la Kaputeni

Mwana wanga woyamba ndinamutcha dzina la kaputeni wa chombo cha mumlengalenga, mkazi wolimba mtima wa m'mafilimu amene ndinakula nawo ku Kabwata. Apongozi anga ankafuna dzina la woyera mtima, loyenera pa ubatizo. Ndinakanitsitsa, n'kuwauza kuti kaputeniyo sanasiyepo munthu pamavuto.

Mwezi watha filimu yatsopano inatuluka. Ndinakwera minibasi ku Chelstone kupita kukaionera, nditavala sikipa yanga yakale yojambulidwa chombocho, yothina kale pamimba. Opanga filimuyo, amene ndikukayika ngati anaonerapo mafilimu oyamba aja, asandutsa kaputeni wanga mbava. Wapereka anzake onse kwa adani, n'kuthawa ndi mafuta a chombo. Mafuta, ngati dalaivala wa lole.

Kunyumba ndinapeza apongozi atabereka mwanayo.

"Nanga ba kaputeni banu bayenda bwanji lelo?" anandifunsa.

"Apulumutsanso anthu onse, amayi."

Ndinanama osaphethira n'komwe. Tsopano apongozi akufuna ndiwaperekeze akadzionere okha mkazi wabwinoyo, ndipo ino ndi sabata yachitatu ndikuwauza kuti matikiti atha.