Achimwene Sanathawe

Achimwene anga anafika pakhomo wapansi. Ine ndi amayi tinali m'chigafa tikusoka fodya pamene mayi wina woyandikana nafe anadzatiuza kuti msilikali wathu wakhala patsinde pa mango kuseri kwa nyumba. Tinathamanga tikuyesa kuti abwera kutchuthi. Tinawapeza ali mu yunifolomu yothimbirira ndi fumbi, opanda chikwama, majombo atawakoleka m'khosi, mapazi atatupa mpaka kung'ambika. Amayi atafunsa kuti achokera kuti chonchi, anangoyankha kuti, "Ndili ndi ludzu."

Iwowa ndiwo anali achisamba pathu, ine chitsiriza. Analowa usilikali ine ndidakali ku pulayimale, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anali m'gulu lomwe linatumizidwa kukalondera njanji. Anabwerako amoyo, nakhala kukampu miyezi ingapo. Kenaka m'mawa wina anatuluka pageti osatsanzika aliyense, n'kuyamba kuyenda kulunjika kuno ku Kasungu.

Sipanapite nthawi galimoto ya asilikali inabwera kudzawatenga. Anakawatsekera, anakawazenga mlandu, ndipo atabwerako anali ndi zovala wamba ndi pepala limodzi. Pepalalo linkati achotsedwa ntchito mwamanyazi chifukwa chothawa. Penshoni panalibe. Abambo athu, omwe anali mkulu wa mpingo ndipo ankayenda monyadira chifukwa cha mwana wawoyu, anawerenga pepalalo ali pakhonde nanena kuti, "Ine sindinabereke munthu wothawa." Kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo, sanadyenso nawo mbale imodzi. Alamu anga, akazi a achimwene, anapirira dzinja limodzi, kenaka anabereka kamwana kawo kakakazi kumbuyo n'kubwerera kwawo cha ku Nkhamenya.

Achimwene anasanduka mlimi. Mizere yawo inkawongoka ngati achita kuyeza ndi chingwe, ndipo fodya wawo anthu ankaima panjira kumuyang'ana. Koma mvula ikayamba kugunda ankasowa, n'kukawapeza atakwawira pansi pa nkhokwe, manja atatseka makutu. Nyama yowotcha sankafuna kuimva n'fungo lomwe. Ena ankati ndi chamba, ena ankati anawalodza anzawo akuntchito. Tinayenda nawo kwa asing'anga, tinawaitanira mapemphero, osaphula kanthu. M'mudzi dzina lawo lenileni linazilala. Ana omwe ankangoti "kwa a Wothawa", ngati akutchula dzina la mfunda.

Zinakhala choncho zaka zambiri, mpaka kunabwera makuponi a feteleza wotsika mtengo. Chaka chimenecho amayi analandira kuponi ngati mayi wamasiye, ndiye ine ndi achimwene tinapita ku Chamama ndi njinga kuti tikatenge matumba. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, anthu akukankhana chifukwa kunamveka mphekesera yoti feteleza watsala pang'ono. Achimwene anaima phee kumbuyo kwanga atagwira njinga. Mwadzidzidzi tayala la lole yomwe inkatsitsa katundu linaphulika.

Ndisanatembenuke n'komwe, anali ataponya njinga, atagwetsa mayi wina yemwe anali ndi mwana kumbuyo, iwo n'kugona pamwamba pawo akukuwa kuti aliyense agone pansi. Mayiyo analira. Wina anati akufuna kulanda kuponi, wina anati akufuna kugwirira mkazi masanasana. Anthu otopa ndi dzuwa aja anawaunjikira. Ndinayesa kuwatchinga koma anandikankhira kumbali, chitenje changa n'kung'ambika.

Amene anawapulumutsa anali bambo wina wachisilamu, mwini golosale ya patsidya pa msewu, komwe ndinkagula sopo ndi parafini. Analowa pakati pa chigulucho atavala kofia yake yoyera, nanena ndi mawu amphamvu kuti, "Musiyeni munthuyu, ndikumudziwa ine. Amafuna kupulumutsa mayiyu." Anawanyamula ngati mwana n'kukawagoneka pa matumba a mchere kuseri kwa golosale.

Akuwapukuta magazi kumaso, bamboyo anandifunsa kuti, "Inu ndinu mlongo wake?"

"Ee, ndine."

"Anakuuzanipo za njanji?"

"Sanatiuzepo kanthu, bambo."

Kenaka anandiuza kuti nayenso anali msilikali, ndipo anali limodzi tsiku lomwe sitima inaponda bomba lokwiriridwa pansi. Bogi ina inayaka moto, muli anzawo ndi amayi ena omwe anapempha kukwera ndi ana awo. Achimwene analowa m'motomo kangapo kutulutsa anthu mpaka khungu la m'manja linasupuka. Moto utazima, iwo anali mmodzi mwa omwe anauzidwa kutolera zotsala za anthu aja n'kumaika m'masaka.

"Pamene aliyense akanathawa, iyeyu sanathawe," anatero. "Kuchokera tsiku lija sanalinso bwino. Tonse tinkaona, koma nthawi imeneyo msilikali akati akudwala m'mutu ankangomuseka. Zaka zonsezi wakhala akulambalala golosale yanga, ine n'kumaganiza kuti safuna kukumbutsidwa."

Zipsera za m'manja mwawo ndinkaziona tsiku ndi tsiku. Ankatiuza kuti anapsa ndi mafuta ophikira.

Mabala a tsikulo anatifikitsa kuchipatala cha paboma. Kumeneko namwino wina woona za matenda a m'maganizo anakhala nawo nthawi yaitali, akuwafunsa mofatsa za tulo, za maloto, za mabingu. Atamaliza anatiuza kuti si ufiti ndipo si mantha wamba, koma matenda odziwika bwino omwe amagwira anthu amene anaona zoopsa. Anatipatsa mankhwala. Ndipo atamva za pepala lija anati nkhani zotere zimatheka kuziunikanso, ngati patapezeka umboni woti munthuyo anali wodwala pamene ankachoka kukampu.

Pobwerera tinakwera matola. Tikuyenda m'kanjira ka pakati pa minda achimwene anati, "Chemwali, za penshoni ndilibe nazo ntchito. Koma atafufuta mawu aja, mwana wanga akanamva kuti bambo ake sanali munthu wachabechabe."

Apo ndi pomwe ndinayambira maulendo a ku Lilongwe. Sindinkadziwa kuti chitseko choyenera n'chiti. Ofesi ina inkati mubwere mwezi wamawa, ina inkati fayilo ili kwina, ina inkati amene amaona zimenezi ali kumsonkhano. Panali ena achifundo omwe ankandipatsa mpando ndi kundilongosolera bwino, koma chifundo sichinkafulumizitsa kanthu. Munda wanga unalowa thengo chifukwa nthawi yopalira inkandipeza panjira. Bambo wa golosale uja analemba umboni wake, napitanso yekha kukaunena pakamwa, atatseka golosale tsiku la msika. Namwino uja naye analemba zake. Tikudikira choncho, amayi anadwala n'kutisiya. Atatsala pang'ono kupita anandifunsa ngati a ku Lilongwe aja ayankha, ine ndinati akuti posachedwa.

Patapita nthawi anatiitana kuti achimwene akaonedwe ndi dokotala wa asilikali, mkati mwa kampu. Ndinawachapira malaya oyera, anameta ndevu, ndipo ulendo wonse ankaoneka olimba mtima. Koma titatsika minibasi n'kuona geti ndi asilikali atanyamula mfuti, miyendo yawo inakana. Anaima pakati pa msewu thukuta lili kamukamu.

"Tiyeni achimwene, tafika kale," ndinawanyengerera.

"Sindingathe."

"Ndi pompano. Ndikugwirani dzanja."

"Chemwali, ndikufuna, koma sindingathe."

Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande n'kubisa nkhope m'mawondo. Ine ndinalira pamenepo, poyera, anthu akudutsa. Ndinaona kuti matenda omwe tinabwera kudzaonetsa ndi omwewo akutitsekera khomo. Ndinapita pageti ndekha n'kufotokoza. Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Kenaka kunatuluka bambo wina wa imvi, atavula chipewa ndi jekete ya usilikali, atangotsala ndi malaya amkati. Anali dokotala uja. Anakhala pansi pangalande pomwepo pambali pa achimwene, nandipempha kuti nditalikire pang'ono. Zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangoona achimwene akutambasula manja awo kumuonetsa.

Yankho linabwera patadutsa chaka china, nthawi yothirira nazale. Ndinawapeza achimwene kudambo ali ndi kheni m'manja. Anati ndiwawerengere, poti maso awo anali atayamba kuchita chidima. Pepala latsopanolo linkati chigamulo chakale chasinthidwa, ndipo tsopano akuwerengedwa ngati msilikali amene anapuma pantchito chifukwa cha matenda. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

"Ndiye kuti ndinkadwala," anatero.

"Munkadwala, achimwene."

"Abambo anapita osadziwa. Amayinso."

Anatsika n'kukatunga madzi ena, napitiriza kuthirira.

Mumtima mwanga ndinkayembekeza kuti pepalalo likhala ngati mankhwala. Iwonso ankayembekeza chomwecho. Koma mvula yoyamba itagunda ndinawapeza pansi pa nkhokwe monga kale, munthu wa imvi atadzipinda pakati pa zitosi za nkhuku. Atatulukamo anadzisasa fumbi, nati mosandiyang'ana, "Ndimayesa zitha."

Ndinatumiza uthenga ku Nkhamenya. Panapita miyezi osamva kanthu, kenaka tsiku lina masana mwana uja anafika. Anali atakula, ali pabanja, ali ndi khanda kumbuyo. Nkhope yake inali ya amayi athu yeniyeni. Anagwada chapatali n'kupereka moni mwachitumbuka, "Muli uli, adada?" Achimwene anayankha moniwo. Analowa m'nyumba kukavala malaya oyera aja, natulukira atanyamula pepala ndi manja awiri.

Mwanayo anawerenga mpaka pansi. Analipinda bwinobwino momwe linalili n'kuwabwezera.

"Ndamva, adada. Pepani ndi zomwe munakumana nazo," anatero. "Koma ine ndinakula ndi bambo ena. Ndi amene anandilipirira sukulu, ndi amene anaimirira pa ukwati wanga. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Palibe choti unene, mwana wanga. Ndimangofuna udziwe."

Mwanayo sanayankhule mwamwano. Anali mlendo wa ulemu pakhomo pa anthu omwe sawadziwa. Ndinamuphera nkhuku, anadya pang'ono. Ndinayesa kumufotokozera za njanji, za moto, za geti, iye akungogwedeza mutu, maso ali kumsewu poopa kuti matola omaliza amusiya. Asananyamuke anamasula khanda lija n'kuwatambasulira achimwene kuti anyamule mdzukulu wawo. Iwo anayang'ana manja awo, omwe tsiku limenelo ankanjenjemera kwambiri, n'kuwabisa kumbuyo.

"Ndingamugwetse," anatero.

Ndinanyamula ine. Anangowerama n'kumuyang'ana kumaso nthawi yaitali, khandalo likusewera ndi batani la malaya awo.

Tinamuperekeza mpaka kumsewu. Achimwene ankayenda kumbuyo kwathu, atanyamula kathumba ka mtedza komwe anamukonzera. Galimoto itabwera anakweza kathumbako okha, nauza kondakitala kuti amupatse malo akutsogolo chifukwa cha mwana. Anaima pamenepo mpaka fumbi linatha.

Mwana uja sanabwerenso. Amatumiza moni apo ndi apo kudzera kwa ogula fodya ochokera kumeneko, ndipo moniwo ndimaufikitsa nditauwonjezera mawu. Achimwene alipo, akalamba. Fodya anasiya, amangolima chimanga ndi mtedza pang'ono kuseri kwa nyumba. Kumapeto kwa mwezi ndimapita nawo paboma kukatenga mankhwala, ndipo pobwerera timatsika pa Chamama. Amalowa m'golosale muja, mnzawo amawatulutsira mpando, n'kukhala awiriwo pakhonde akumwa tiyi. Sakamba zambiri. Ine ndimakhala pa benchi ya kutsidya n'kumadikira kuti amalize.