Zikhomo za m'dimba la agogo

Fungo la ndowe za akavalo ndinalimva kamodzi kokha pa moyo wanga, koma likandibwerera limabwera pamodzi ndi agogo anga aamuna, a Zakeyu, ataima m'mphepete mwa dimba kwathu ku Nsambe, chipewa chaubweya chili kumutu, ndudu ya chingambwe itazimira pakamwa, maso ali pa anthu amene sanawaitane.

Agogo ankakayikira chilichonse. Mukawapatsa nthochi, ankayamba aitembenuza kaye. Wogula mbatatesi akabwera ndi ndowa yake, ankaigogoda kunsi kuti aone ngati sinakulitsidwe ndi nyundo. Ngakhale ine, mdzukulu wawo wamkazi amene ndinkawaphikira, ndikachokera kusukulu ankandinunkhiza manja kuti adziwe ngati ndadzera kumanachesi awo. Zinkandikwiyitsa kwabasi. M'mudzi ankawaseka kuti mdala ameneyu angakayikire ndi chithunzithunzi chake chomwe.

Chimene chinkawadya mumtima sindinkachimvetsa nthawi imeneyo. Agogo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Magaleta, ndipo dimba limene analilima kuyambira ali mnyamata linali la agogo aakazi, amene anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Iwo anatsala chifukwa cha ine, poti amayi ankagwira ntchito ku Blantyre. Mawu otsiriza pa dimbalo anali kwa a Kaliati, mchimwene wa malemu agogo aakazi, amene anali mwini mbumba.

Tsiku lina masana, m'nyengo yozizira, tinamva mdidi ngati amayi ambiri akusinja pamodzi. Anali akavalo atatu, azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ndi bambo wina wa ku Dedza wowatsogolera, dzina lake a Lemani. Ankayenda m'mapiri pa akavalo n'kumagona m'tenti paliponse pamene apeza madzi ndi msipu. Mudzi wonse unakhamukira komweko, ana tikukankhana kuti tione nyama zazitalizo zikupemerera mpweya wotentha m'mphuno n'kumagwedeza khungu pothamangitsa ntchentche. Alendowo anatsitsa katundu patsala la kumtunda kwa dimba lathu, pafupi ndi kasupe. Kenako a Lemani anatulutsa nyundo ndi zikhomo zachitsulo, n'kuyamba kukhoma m'nthaka ndi kukoka chingwe kuchoka pa chikhomo china kufika pa china.

Aliyense ankayang'ana akavalo. Agogo ankayang'ana zikhomo.

"Ukuona?" anandinong'oneza. "Munthu akakhoma chitsulo m'nthaka n'kukoka chingwe, ndiye kuti akuyeza malo. Akavalowa n'ngotiphimba nawo m'maso."

"Agogo, n'zomangira tenti ndi akavalo basi."

"Eti? Tenti yake iti yofuna chingwe chofika kukasupe? Iwe khala chete, sunaone zinthu."

Mkazi wachizungu uja anabwera kudzawapatsa moni m'Chichewa chothyokathyoka, akumwetulira. Agogo anayankha manja ali kumbuyo. Mkaziyo atachoka, agogo anati munthu woseka asanakudziwe uzimuyang'ana kumene waponda. Amayi ena anawauza kuti asavutike mtima, mlendo ndi mame. Iwo anati mame sayenda ndi nyundo.

M'mawa mwake azunguwo anakwera phiri wapansi, a Lemani n'kupita kukafuna madeya a akavalo. Ine ndinali kukasupe ndikutsuka mbale pamene ndinaona agogo akubwera ndi khasu paphewa, akuyenda ngati munthu wopita kuntchito yake ya masiku onse. Anayamba kuzula zikhomo chimodzichimodzi n'kumaziunjika pambali. Tenti inagwa. Chingwe chitakhwepa, kavalo wamkulu wofiirira anadzutsa mutu, anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsetsereka molunjika m'dimba. Anaponda mizere ya mbatatesi n'kuyamba kudya nsawawa zimene agogo ankazithirira ndi kheni m'mawa uliwonse. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Agogo anathamangira kavaloyo ndi khasu m'manja, koma atafika pafupi n'kuona kutalika kwake anabwerera chafutambuyo.

A Lemani anatulukira akuthamanga, thumba la madeya lili pamutu. Analitula, anaimba likhweru, n'kugwira nyamayo pakhosi ngati mbuzi. Atabwera nayo, anaona mulu wa zikhomo ndipo sanafunse kuti wazula ndani.

"Bambo, takulakwirani chiyani?"

"Mukuyezera ndani malo ano?"

"Sitikuyeza ayi. Tigona masiku awiri, mawa tikupita."

"Kodi anakulolani ndani?"

"A Kaliati. Tinawapeza pamsika dzana, ndi amene anatilozera pano."

"Nanga ine amene ndimalima pano, dzina langa sanalitchule?"

A Lemani anayang'ana pansi. Ndikuganiza kuti anali munthu wosadziwa kunama, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndiziwathokoza.

"Pepani bambo. Anati mdala wolima pamenepo musavutike naye, akupita kwawo akakolola."

Agogo anachotsa ndudu pakamwa, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuibwezera. Anatola nyundo ya a Lemani n'kuyamba kukhoma zikhomo zija mmene anazizula, chilichonse m'dzenje lake, kenako anamanga okha chingwe. Chikhomo chimodzi chinali chitapindika ndi khasu. Chimenecho a Lemani anachisiya paudzu pochoka, ndipo agogo anachitola.

Mbatatesi zitakumbidwa, a Kaliati anabweradi ndi amuna awiri a mbumba, ndi mawu okoma othokoza alamu awo polera mwana. Ine ananditumiza kukakhala kwa amayi aang'ono. Ndinaperekeza agogo mpaka kumsewu, iwo atanyamula khasu ndi kathumba ka zovala. Pamenepo anandipatsa chikhomo chopindikacho.

"Ndinazulira anthu osalakwa," anatero. "Sunga."

Anakakhala ku Magaleta pakati pa abale amene anali atawaiwala kale nkhope, ndipo mvula yachiwiri sanaione. Zimandipwetekabe kuti ndinkaseka nawo anthu powanena kuti ndi wokayikira, pomwe iwo ankamva kuti nthaka ikusuntha pansi pa mapazi awo, kungoti sankadziwa mbali imene ikukokedwera.

Lero dimba lija ndi langa, ndipo amuna anga, ochokera ku Lisungwi, ndi mkamwini ngati mmene analili agogo. Chikhomo chija chili pa msomali kuseri kwa chitseko. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina kudzapempha kuti adyetse ng'ombe zake patsala lomwe lija. Anandipeza ndikutunga madzi, amuna anga akupalira mbatatesi chapomwepo, koma anawadutsa n'kudzaima pamaso panga, chipewa chili m'manja.

Ndinatula ndowa pansi n'kuloza ndi dzanja.

"Bwererani mukafunse amene akulimawo."