Apongozi Anga ndi Bulu Wawo

Apongozi anga amanyamula njerwa pangolo ya bulu, koma chikwapu sanachigwirepo. Buluyo amamutchula kuti "achimwene", ndipo akamamwa madzi amayamba amupatsa iye.

Tsiku lina ndinawauza kuti Angerezi, akamakamba zolimbikitsa munthu pantchito, amati "karoti ndi ndodo": wina umamunyengerera ndi mphotho, wina umamuopseza ndi chilango.

Anaseka. "Nanga karotiyo akatha, ndodo n'kuthyoka?"

Yankho lake ndinaliona mvula itagwa. Ngolo inatitimira m'matope, anthu n'kumakuwa kuti, "Mukwapuleni ameneyo!" Apongozi anangovula nsapato, n'kutsamiritsa phewa kumbuyo kwa ngolo.

"Tiyeni achimwene, tili limodzi."

Pomwe ngoloyo imatuluka, ndinangozindikira kuti nanenso ndili m'matope mpaka m'mawondo, ndikukankha, popanda wondilonjeza karoti kapena kundionetsa ndodo.