Ovololo Yatsopano ya a Chiutuchi

A Chiutuchi anayamba kugwetsa mitengo ndevu zisanamere. Dzinalo analitengera ku utuchi umene sunkachoka m'tsitsi mwawo. Kulikonse kumene bwana wa fakitale ya matabwa waloza, ngakhale m'nkhalango yotetezedwa, iwo ankapita osafunsa. Makina ochekera anawadya zala ziwiri, kenako makutu. Mmene ndinkayamba kupikula matabwa pafakitalepo n'kuti atagontheratu. Ukawalankhula ankangomwetulira n'kugwedeza mutu.

Kenaka mayiko anagwirizana kuti thabwa lisamadutse malire popanda chidindo chosonyeza kumene mtengo unadulidwa. Ine ndinasangalala, chifukwa thabwa lachidindo limayenda msanga ndipo phindu lake ndi lowirikiza. Koma oyendera ochokera kunja anafuna kudziwa amene anasiya zitsa zokhazokha m'nkhalango muja. Popanda yankho, fakitale sikanalandira chidindo.

Tsiku lobwera alendowo, bwana anapatsa a Chiutuchi ovololo yatsopano. Mkuluyo anazungulira nayo bwalo lonse, akudzisasa pachifuwa.

"Madala, mwatchenatu! Mukukwatira kachiwiri?" anakuwa dalaivala wa lole.

"Eya, eya!" anayankha, ife n'kufa nako kuseka.

Anawalowetsa mu ofesi n'kuwaimika pakati pa alendo ndi wapolisi. Ife tinaunjikana pawindo. Bwana anawagwira paphewa akumwetulira.

"Wotimalizira nkhalango uja ndi ameneyu. Takhala tikumuletsa, samva. Si choncho, madala?"

A Chiutuchi anayang'ana nkhope ya bwana, anayang'ana chithunzi cha zitsa chimene mlendo ananyamula, n'kuganiza kuti akuyamikiridwa.

"Eya bwana! Yonseyo ndinagwetsa ndine. Ndekha, ndi dzanja ili!"

Ngakhale pamene wapolisi ankawamanga unyolo m'manja ankamwetulirabe, akuyang'ana bwana kuti awafotokozere. Asanakwere galimoto ya polisi, bwana anauza mlonda kuti awavule ovololo, poti ndi katundu wa kampani. Anapita ndi kabudula wong'ambika.

Chidindo chinatuluka. Malole tsopano sachedwa pamalire, ndipo ine ndapeza ogula awiri akunja.

Mlungu watha akazi awo a Chiutuchi anabwera kudzapempha zidutswa za matabwa zoti akhomere chitseko, chifukwa akugona okha m'nyumba yosatseka. Kapitawo sanadzuke n'komwe pampando.

"Mayi, pano kachidutswa kalikonse kali ndi nambala. Kapena mukufuna mukawapeze amuna anu kundende komweko?"

Mayiwo anaima pang'ono pageti, kenako anabwerera chimanjamanja.