Wa Gasi Wasiya Kugogoda

Fulgencio wa ku Cartagena anamera imvi ali pantchito imodzi, yosenza masilinda a gasi wophikira. Ankaimika lole pakona, n'kutenga kachitsulo, n'kumenya silinda kuti ngwe! ngwe! Pomwepo mazenera a nyumba zosanjikizana ankatseguka.

"Iwe wa gasi! Imodzi kuno! Usandipatse yopepuka ngati mutu wakowo!"

Chimwalirire mkazi wake, kunyumba kwake kunali zii, moti chipongwe cha m'mazeneracho ndicho chinali macheza ake onse. Ankachikonda, ngakhale sakanavomera.

Gasiyo ankabwera pa sitima za pamadzi. Chaka china ogula a ku Asia anayamba kulipira zochuluka, sitima zambiri n'kukhotera komweko, kuno mtengo n'kukwera. Mabwana, amene sanakwerepo masitepe silinda ili paphewa, anati lole isamazungulire pachabe: wofuna gasi aziimba foni, zogogoda silinda pakona zithe. Tsopano Fulgencio ankasiya silinda pakhomo n'kuchoka ngati wakuba. Panalibenso womunyoza, ndipo zinkamuwawa.

Koma amene ankamudetsa nkhawa ndi a Ginés, msodzi wokalamba wokhala yekha m'chipinda cha pamwamba penipeni. Masabata anapita, mkuluyu osaimba. Nanga ankaphikira chiyani, kuzizira konseku? Tsiku lina Fulgencio anangosenza silinda yosaitanitsa, n'kukwera.

Chitseko chinatseguka pang'ono. A Ginés, atavala chikhoti m'nyumba, anangoti kukamwa yasa. Patebulo panali nyemba za m'chitini, zosatenthetsa.

"Iwe! Si unafa iwe?"

"Ndafa liti, madala? Bwanji osaimba foni?"

"Foni ya chiyani? Wa gasi amagogoda. Akasiya kugogoda ndiye kuti wafa, basi." Anapukuta mphuno ndi mkono wa chikhoti. "Ndinafunsa msewu wonse, palibe amene amadziwa kwanu. Ena ngakhale dzina lako salidziwa. Ndiye ndinatsika ndi mawondo anga ovutawa, kukakuyatsira kandulo kutchalitchi. Ndinati munthu uja asapite ngati galu."

"Munali ndi ndani?"

"Ndi ndaninso? Ndekha."

Fulgencio anagwada n'kuyamba kulumikiza silinda, nkhope ataibisa. Paipi imene ankailowetsa ngakhale atatsinzina inamukana kawiri. Maliro ake anali atachitika kale, ndipo kunapita munthu mmodzi.