Mtsuko Umene Unatsala M'galimoto

A Yeom Chun-bae sankasuntha mpando wa galimoto ya munthu. Imeneyo ndiyo inali mbiri yawo pa hotela ina ya ku Busan, mzinda wa ku South Korea, kumene ankagwira ntchito yolandira magalimoto a alendo pakhomo n'kukawaimika. Galimoto ikakhala ya munthu wamtali, iwo ankatambasula mwendo mpaka chala chikhudze buleki. Ikakhala ya mayi wamfupi, ankadzipinda, mawondo ali gwa pachiwongolero, n'kuyenda choncho. Wailesi sankaikhudza, galasi loonera kumbuyo sankalipotoza.

"Mwini wake akabwerera, asadziwe kuti munalowa munthu," ankatero akafunsidwa.

Anabadwira pa chilumba china cha kumwera, ndipo ali mnyamata anabwera kudzawotcherera zitsulo kumene amapanga sitima zapamadzi. Ntchito imeneyo itachepa anayendetsa takisi, mpaka msana unayamba kukana kukhala tsiku lathunthu. Akazi awo ankaphika pa sukulu ya ana. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Seoul, ndipo ankaimba foni akakumbukira. Pa msinkhu umene amuna anzawo amavala majekete owala n'kumakwera mapiri Loweruka, a Yeom ankathamanga pakhomo la hotela atavala chikhoti chakuda. Pachifuwa pa chikhotipo panali dzina la hotela, koma wowalemba ntchito anali wina, kakampani kakang'ono kamene hotelayo inkabwereka. Ntchito ina sankaiyembekezeranso. Ndani alemba munthu wa imvi?

Loweruka linali tsiku la maukwati. Ukwati uwu ukutuluka, uwo ukulowa, ngati mabasi pa depoti. Malo oimika magalimoto pansi pa hotela ankadzaza dzuwa lisanafike pamutu, ndiye magalimoto otsalawo ankapita nawo kuseri, pa bwinja limene kale panali nyumba yosambiramo anthu. Ankawaimika mothinana, kiyi n'kumusiya pamwamba pa tayala la kutsogolo, kuti aliyense wofuna kutulutsa ya mkati asunthe ya kunja mosavuta. Munthu amene anakhalako kunja kwa dziko akaziona zimenezi amachita nthumanzi. Koma kuno timasiya foni patebulo m'nyumba ya khofi kuti itisungire malo, ife tili kuchimbudzi. Tinazolowera kuti sipasowa kanthu, ndipo masiku ambiri sipasowadi.

Lamulo linalipo limodzi, losalembedwa paliponse: mlendo asamve za bwinjalo. Akafunsa, galimoto yake ili pansi, yokiyidwa, makamera akuiyang'ana. Pakhomo panalinso chikwangwani chonena kuti hotela ilibe mlandu pa katundu wamtengo amene mlendo sananene.

Loweruka lina, masamba atayamba kufiira m'mapiri, panafika kagalimoto kakale kotuwa ndi fumbi la kumudzi. Munatuluka mayi wachikulire, wamfupi, atavala hanbok ya pinki, chovala chamwambo cha siketi yaitali chimene amavala mayi wa mkwatibwi, koma kumapazi kuli nsapato zothamangira. Anali mayi Seol, ndipo anadziyendetsa okha kuchokera ku Uiryeong.

"Bambo inu, muyendetse mwaulemu," anatero popereka kiyi. "Kumbuyoko kuli apongozi anga."

A Yeom anasuzumira. Pampando wakumbuyo panali phukusi la nsalu ya silika yobiriwira, lomangidwa lamba ngati munthu.

"Apongozi anuwo ndi ofatsa ndithu."

"Anafatsa atamwalira. Ali moyo ankaluma."

Mayi Seol anafotokoza mwachangu, akukonza riboni wa pachifuwa. Unali mtsuko wa ganjang, msuzi wa soya, koma osati wogula. Unali wa mbewu, uja amathira pang'ono mu watsopano chaka ndi chaka kuti kukoma kwa banja kusathe. Apongozi awo anaulandira kwa apongozi awonso. Tsopano nyumba ya kumudzi inali itagulitsidwa, mitsuko ikuluikulu anagawa, iwo akusamukira m'nyumba yosanja. Wotsala unali umenewu, ndipo ankafuna kuupereka kwa mwana wawo wamkazi mwambo ukatha.

"Ndikanalowa nawo, koma mwanayo wandikaniza. Akuti ndinunkhitsa holo yonse."

"Bwanji muusiye pa desiki m'katimo, mayi?"

"Kwa atsikana a zikhadabo zazitali aja? Augwetse? Ayi. Ukhale momwemo. Ndakuuzani inu, basi."

Pansi panali patadzaza. A Yeom anapita nako kagalimotoko ku bwinja, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Malo anapezeka kumzere wa kunja, pafupi ndi msewu. Anakiya zitseko, n'kuima kaye kiyi ali m'manja. Mtima unkawauza kuti amuike m'thumba.

"Achimwene, mukupemphera kapena?" anakuwa a Gu Sang-pil, mnzawo wa pantchito, bambo wonenepa amene ankapuma ngati mvukuto akathamanga. "Mwatseka magalimoto a ukwati woyamba pamenepo. Mukapita ndi kiyi tiwatulutsa bwanji, pamutu? Siyani pa tayala. Kagalimoto kameneko wakuba angakamvere chisoni."

A Yeom anasiya kiyi pa tayala, n'kuthamangira kukhomo, kumene mzere unali utafika kale pamsewu.

Masana, ukwati uja utatha, mayi Seol anatuluka kudzatenga mtsuko wawo. A Yeom anapita kukatenga galimoto. Kiyi anali pa tayala pomwepo, koma chitseko chinali chosakiya. Lamba wa kumbuyo anali lende. Phukusi panalibe.

Analowa m'galimotomo, n'kugwira chiwongolero. Kenako analiza injini.

Bwana woyang'anira alendo anali a Ban, mnyamata waulemu, wa tsitsi losalala, amene ankadziwa kuwerama mosiyanasiyana malinga ndi kukula kwa dandaulo. Kwa mayi Seol anawerama kwambiri.

"Pepani kwambiri, mayi. Galimoto yanu inali pansi, yokiyidwa. Tiyang'ana makamera, tikuimbirani mkati mwa sabata. Kodi katunduyo munamunena pa desiki?"

"Ndinauza bambo awa."

A Ban sanawayang'ane n'komwe a Yeom. "Mwa dongosolo lathu, katundu amanenedwa pa desiki. Komabe ife sitikufuna kuti muchoke okhumudwa pa tsiku lachisangalalo ngati ili. Mu shopu yathu muli ganjang wabwino zedi, wa m'bokosi la thabwa. Tikupatsani monga mphatso."

Mayi Seol anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Mwana wanga, amayi ako akasowa, ndingakupatse mayi wina wa m'bokosi la thabwa?"

"Sindikutanthauza choncho, mayi."

"Tamvera. Wakubayo waona silika, waganiza kuti muli golide wa mkwatibwi. Akamasula n'kumva fungo, atani? Ataya. Sapita nawo kutali. Ine sindikufuna mlandu, sindikufuna mphatso. Ndiuzeni pamene galimoto inaima, ndikafune ndekha."

"Pansi, mayi. Koma musadzivutitse."

"Njira ndi iti?"

A Ban analoza chikepe. Mayi Seol anakwinya siketi yawo yaitali ija m'dzanja, nsapato zothamangira zikuonekera, n'kuyamba kulowera komweko.

A Gu anali ataima kumbuyo kwa a Yeom. Anawatsina pachigongono.

"Achimwene, pakamwa apo mutseke," ananong'ona. "Mukatchula bwinja, mlandu ugwera hotela, hotela itula pa kampani, kampani itula pa inu. Mukudziwa. Ndi msuzi chabe, anthuni. Mukadya chiyani kunyumba, chilungamo?"

A Yeom ankadziwadi. Anali ataonapo mnzawo wina akuchoka chifukwa cha nkhani yochepa kuposa iyi. Anaganiza za akazi awo, amene manja awo anali atayamba kutupa ndi madzi a kukhitchini ya sukulu. Palibe amene ankawafunsa kanthu. Bwana sanawapemphe kuti aname. Chofunika chinali kungoima chete, manja kumbuyo, monga ankaimira masiku onse. Mayi uja akanatsika, n'kuzungulira zipilala zonse za pansi atavala zaukwati, kusuzumira pansi pa magalimoto a eni, mpaka kutopa. Kenako akanapita kwawo akuganiza kuti anafunafuna.

Chikepe chinalira, zitseko zake n'kutseguka.

"Mayi!"

Mawuwo anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira, moti alendo ena anacheuka.

"Kumeneko simukapezako kanthu. Galimoto yanu sinalowe pansi. Ndinakaiimika kuseri, pa bwinja. Kiyi ndinasiya pa tayala. Ndipo za mtsuko munandiuza, ndinamva."

A Gu anatulutsa mpweya ngati tayala lobooka. A Ban anayang'ana pansi. Makutu awo anafiira, ndipo ankaoneka ngati mwana amene wagwidwa atabisa mbale yosweka imene sanaiswe iye.

Mayi Seol anabwerera pang'onopang'ono, n'kudzaima pamaso pa a Yeom.

"Pa tayala."

"Inde, mayi."

"Apongozi anga munawasiya pamsewu, kiyi pa tayala."

"Inde."

"Mutu waimviwu ndi wa chiyani? Kwerani. Ndiyendetsa ndine, inu mwandikwana."

Anafika pa bwinjapo magalimoto atayamba kuchepa. Panali udzu wouma, zidutswa za matailosi abuluu a m'bafa lakale, ndi chipupa chimodzi chimene ogumula anachisiya. Anayamba kufuna, wina uku wina uko. A Yeom ankasuzumira m'ngalande ndi pansi pa magalimoto. Mayi Seol sankayang'ana pansi kwenikweni. Ankayenda mphuno ili m'mwamba.

Kuseri kwa chipupa anaima.

Nsalu yobiriwira ija inali itakodwa pa udzu. Mtsuko unagona chammbali, chivundikiro chili potero, chosasweka. Pansi panali chibanga chakuda, dothi litamwa kale, nyerere zikuzungulira m'mbali. Fungo lake linali lolemera, lamchere, lotsekemera pang'ono ngati nkhuni zonyowa.

Mayi Seol anagwada, osasamala za siketi. Anaudzutsa mtsukowo ndi manja awiri monga amadzutsira wodwala, n'kuupendeketsa kuti dzuwa lilowemo. Pansi pake panatsala msuzi wochepa, wosadzaza n'kapu yomwe, ndi timiyala ta mchere tofiirira, tija timaundana m'mitsuko yakale. Anaviika kachala, n'kulawa.

"Watayika wambiri, mayi," anatero a Yeom. "Pepani."

"Ndili ndi maso." Analawanso. "Koma alipo. Nkhalamba imeneyi siifa msanga. Mbewu sifuna kuchuluka. Mwanayo akathira uwu mu watsopano, ugwira." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Akathira. Ana a masiku ano, kaya."

Anasasa nsaluyo, kuvundikira mtsuko, n'kumanganso mfundo.

"Akuchotsani ntchito?"

"Mwina."

"Musayembekeze kuti ndikuthokozani. Munataya ndinu."

"Ndikudziwa."

A Yeom anachotsedwadi ntchito, mwezi utatha, mwaulemu, ndi mawu akuti kampani ikuchepetsa anthu. Hotela inavomera kuti munthu akapereka kiyi pakhomo, galimoto ndi zamkati mwake zili m'manja mwawo, ndipo eni magalimoto ena awiri amene anasowetsa zinthu tsiku lomwelo, amene poyamba anauzidwa kuti mwina anaiwala kunyumba, anawaimbira foni kuwapepesa. Pa bwinja paja anamangapo mpanda ndi kabokosi ka makiyi. A Gu anakhala nyengo yonse yozizira osawayankhula a Yeom, kenako tsiku lina anangotulukira ndi botolo la mowa wa soju, akudandaula kuti kabokosiko kamachedwetsa ntchito. Masiku ano a Yeom amalondolera magalimoto pa msika wa nsomba, atavala chipewa cha dzuwa, wezulo ili pakamwa. Malipiro ndi ochepa, ndipo m'galimoto ya munthu salowamonso. Akazi awo anawakalipira sabata yathunthu, kenako anasiya.

Koma akamakamba za tsiku lija, satchula zimenezi. Amatchula ulendo wobwerera ku hotela, umene unali waufupi kwambiri.

Mayi Seol anakana kuuikanso mtsukowo kumbuyo. Anawauza a Yeom kuti akhale kutsogolo, aufungate. Mpando wa mbali imeneyo unali wokankhidwira kutsogolo zedi, chifukwa nthawi zonse pankakhala matumba a kumsika. A Yeom anadzipinda monga mwa chizolowezi, mawondo ali pachifuwa, mtsuko uli pakati, chibwano chitagunda mfundo ya silika.

Mayi Seol analiza injini, n'kuwayang'ana chammbali.

"Mwakhala bwanji ngati nkhanu mu ndowa? Sunthani mpandowo."

"Ndili bwino, mayi."

"Inu muli bwino, koma mukuwafinya apongozi anga. Sunthani."

A Yeom anapisa dzanja pansi pa mpando, n'kupeza kachitsulo kosunthira mpandowo. Anakakoka. Mpando unabwerera m'mbuyo ndi phokoso, miyendo yawo n'kutambasuka. Mayi Seol analowa mumsewu osayang'ana kumanzere kapena kumanja, woyendetsa takisi wina akuwaimbira hutala, ndipo a Yeom anaugwiritsa mtsukowo ndi manja onse awiri.